Madiresi a Jenifa

Zaka zija matipate atangolowa kumene, pamene aliyense muno mu Ndirande anali atatsegula pakamwa kunena za boma koma mafakitale akutsekedwa, ine ndinali ndi makina anga osokera pakhonde la golosale ina kufupi ndi msika. Ndayambira kutali chonchi chifukwa cha iwe Chisomo, mwana wa aneba anga, amene wabwera ndi nsalu yofiira kuti ndisoke mkanjo ndi ndevu za thonje, ati amuna ako avale pa Khirisimasi, anamize ana kuti mphatso zabwera ndi Fada Khirisimasi. Sindisoka. Pinda nsalu yakoyo, ndipo inu anzakenu amene mukuseka apo khalani pa benchipo mumve chifukwa chake, musakanene m'njira kuti mayi a telala aja ukalamba wawalowa m'mutu.

Kale Khirisimasi ya mwana inali chovala chatsopano, mpunga wa nkhuku ndi botolo la chakumwa, basi, ndipo chovalacho sichinkagwa kumwamba ayi. Amene wagula ankamuitana mwana, mwana n'kugwada, n'kulandira ndi manja awiri, ndipo m'mawa mwake ankapitanso kukanena kuti zikomo za dzulo. Mwana ankalidziwa dzanja limene lamuveka. Koma lero mukufuna zikomo ameneyo apite kwa mzungu wa pachithunzi amene sanapondepo matope a muno ngakhale tsiku limodzi.

Ndinali ndi mchimwene wanga wonditsatira, dzina lake Layisoni. Ntchito itamuthera ku fakitale anakapeza malo pa shedi ina ku Chirimba, kumakhoma zidebe ndi mbaula, manja onse mabala a malata okhaokha. Mkazi wake, Rozi, sanapirire, ukwati unatha, ndipo mukudziwa kuti kwathu kuno mwana amatsata mayi, choncho Jenifa, kamtsikana kawo kamodzi komweko, kanapita ndi mayi ake ku Chilomoni. Kumeneko Rozi anakwatiwa ndi kalaliki wina wa pakampani, munthu wa tayi, nyumba ya mpanda ndi geti. Bamboyo sankafuna kumva ngakhale dzina la Layisoni pakhomo pake, ndipo mwana anamuphunzitsa kuti azimutchula iye kuti dadi.

Layisoni ankakamudikira mwana wake panjira ya kusukulu, amupatse moni, amukumbatire pang'ono, abwerere. Ndiye Disembala akamayandikira ankatulukira pakhonde panga nsalu ili kukhwapa, ndipo muyeso wake unali woseketsa, chifukwa ankaima chilili n'kuloza batani la shati yake, amvekere, "Achemwali, chaka chino mutu wake wafika apa. Wanenepanso, musamufinye m'khwapa." Tangoganizani, ine ndi tepi yanga kuyeza bambo wamkulu kuti ndisokere mwana amene sindikumuona! Koma diresi siinalakwikepo.

Nthawi imeneyo kaunjika anali atasefukira mumsika, ife atelala tikungoyasamula. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, bwanji osangokasankha pa kaunjika? Taonani mmene mwathera." Iye anati, "Mwana wanga asavale fungo la mwana wa wina pa Khirisimasi." Masana ankangodya chinangwa kuti akagule nsalu yatsopano ku Limbe. Ndikamaliza kusoka ndinkakulunga m'pepala, Rozi n'kudzatenga mobisa akabwera kumsika, ndipo ife tinkaganiza kuti akafika amamunong'oneza mwana kuti izi zachokera kwa bambo ako. Tinali opusa zedi.

Zaka zomwezo sitolo ina m'tauni inayamba kuimika munthu pakhomo, mkanjo wofiira, ndevu za thonje, thukuta kamukamu ndi dzuwa la Disembala, akuliza kabelu, ana a mabwana akupita kukamugwira chanza. Rozi anaona kuti apa pali pobisala. Diresi ankaiika pansi pa pilo, mwana n'kumuuza kuti wabweretsa ndi Fada Khirisimasi, mwamuna wake n'kumuuza kuti ndi kasewero kamene iye wakonzera mwana monga achitira a kumayadi. Aliyense m'nyumbamo anali wokondwa.

Ife tinazidziwa Khirisimasi yachiwiri. Titatuluka m'tchalitchi Layisoni anandichonderera kuti ndimuperekeze ku Chilomoni akangoiona diresi ili m'thupi, ndipo tinakaima kunja kwa geti ngati ogulitsa makala. Jenifa anatuluka akuthamanga, diresi yachikasu ya timbalame ikuuluka, n'kuzungulira pamaso pathu kuti tione bwino.

Layisoni akumwetulira anafunsa kuti, "Iwe, wakugulira ndani yokongola chonchi?"

"Fada Khirisimasi! Amapatsa ana abwino okhaokha," anatero mwana uja. Kenaka anayang'ana manja a bambo ake n'kufunsa kuti, "Nanga inuyo mwandibweretsera chani?"

Mchimwene wanga anali ndi mango awiri m'thumba la jekete. Anawatulutsa, mwana anawalandira ndi dzanja limodzi, maso ali kugeti kumene anzake ankamuitana. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, koma Layisoni ananditsina pamkono mpaka ndinamva kuwawa.

Mu minibasi ndinamukalipira anthu onse akumva. Ndinati, "Achimwene, mwasanduka chitsiru? Mukuonda inu, zikomo akulandira munthu wa thonje?" Iye anadikira mpaka titatsika ndipo anandiuza motsitsa mawu kuti, "Achemwali, mukanena, bambo uja adziwa, ndipo akadziwa diresi yanga siidzalowanso pageti paja. Bola azivala osandidziwa kusiyana n'kuti andidziwe koma osavala. Lonjezani kuti simudzanena." Ndinalonjeza, koma mtima ukukana.

Iwe Chisomo ukuti ndi masewera chabe, ana amasangalala. Sindikukana, Jenifa ankasangalala, ndinamuona ndi maso angawa. Ukutinso mwana akakula amazindikira yekha. Eya, amazindikira, koma unayamba wadzifunsa kuti akazindikira, zikomo uja amamupititsa kuti? Jenifa atakulako anzake a kusukulu anamuseka kuti kulibe Fada Khirisimasi, ndi makolo amene amagula. Mwana anaganiza, n'kuona kuti m'nyumba mwawo mwamuna wa ndalama ndi mmodzi. Anapita kwa kalaliki uja, anagwada, anathokoza madiresi onse a zaka zonsezo, ndipo m'mawa mwake anakanenanso zikomo za dzulo. Bambo uja, wopanda manyazi, anangomusisita mutu n'kulandira. Rozi anali pomwepo, akungoonerera. Anandiuza yekha Roziyo kumsika, akuseka, ngati nkhani yabwino.

Kuyambira pamenepo mwana anasintha. Akamuona Layisoni panjira ya kusukulu ankawoloka msewu, anzake n'kuwauza kuti ndi munthu wina wa kumudzi kwa amayi. Mchimwene wanga muyeso ankautenga ndi maso ali patali, koma nsalu sanasiye kugula.

Kenaka anadwala. Inu a masiku ano muli ndi mankhwala, koma zaka zimenezo matenda aja akakugwira anthu ankangoyang'ana pansi, ndipo maliro muno ankachita kudikirana. Ndinamutenga ku Chirimba n'kudzamugoneka kuchipinda kwanga, munthu atatha, akumva kuzizira dzuwa likuswa mtengo. Dzina limene ankatchula linali limodzi. Ndinaona kuti mwamuna uyu apita mwana wake akumuyesa munthu wouma mtima amene sanamupatsepo kanthu, ndipo chimenecho ndi chimene ine sindikanatha kuchimeza.

Tsono mverani. Ife atelala sititaya zidutswa za nsalu, timaziponya m'thumba pansi pa makina, tsiku lina zimagwira ntchito ya zigamba. Ndinakhuthula thumba langa, ndinasankha zidutswa za madiresi onse a Jenifa, ndinazilumikiza ndi nsalu zina mpaka chinatuluka chofunda, ndipo ndinamufunditsa mchimwene wanga. Anachiyang'ana, anandiyang'ana ine, amvekere, "Achemwali, munalonjeza." Ndinati, "Ndinalonjeza za pakamwa. Makinawa sanalonjeze munthu."

Loweruka m'mawa ndinakwera minibasi wa ku Chilomoni, ndipo ulendo uno sindinaime kunja, ndinakankha geti n'kulowa. Kalaliki uja kunalibe. Ndinamuuza Rozi kuti, "Alamu, ndabwera kudzatenga mwana, bambo ake akudwala kwambiri."

Asanayankhe, Jenifa anayankhira pakhomo, ataima, manja ali m'chiuno. "Ndikatani kumeneko, anti? Munthu woti sanandigulireko ngakhale sokosi."

Ndinamuyang'ana Rozi. Ndinamuyang'anitsitsa mpaka anagwetsa nkhope, ndipo ndinati, "Alamu, mwamva mawu amene mwaphika? Kapena mundipatse mwanayu, kapena ndikhala pakhonde pano mpaka amuna anu abwere, ticheze." Sanachedwe kukamutengera nsapato.

Titafika mwana analowa kuchipinda monyinyirika, anaima patali ndi mphasa, moni anapereka ali chilili ngati akupatsa moni kondakitala. Layisoni anayesa kudzuka koma analephera, anangotulutsa dzanja kunja kwa chofunda. Mwana sanaligwire. Maso ake anali pa chofunda chija.

Anasendera pang'ono. Anagwira kachidutswa kachikasu ka timbalame. "Iyi ngati diresi yanga," anatero. Anagwira kobiriwira ka madontho oyera, kenaka kofiirira ka maluwa kamene anavala chaka chatha, ndipo ndinaona zala zake zikuyenda mofulumira, uku akupuma ngati wathamanga. Anatembenukira kwa ine. "Anti, mwazitenga kuti zimenezi?"

Ine ndinaluma mlomo, ndinayang'ana kudenga.

Ndiye Layisoni, ndi mawu otsalira aja, anati, "Yobiriwirayo inakuthina m'khwapa eti? Ndinawauza achemwaliwa kuti wanenepa, sanamve."

Bodza lenileni, inali bwinobwino diresi imene ija, koma sindinatsutse. Mwana uja anagwa pamphasa, anakwirira nkhope pachifuwa cha bambo ake, ndipo kulira kumene analira kunachititsa aneba kuthamangira kuno poganiza kuti zachitika. Ankangoti, "Ababa, bwanji simunanene? Ababa, bwanji?" Dzina limeneli anali atasiya kulitchula kalekale.

Anakana kubwerera ku Chilomoni. Ankamumwetsa phala, ankamupukuta thukuta, ankamufunsa za diresi iliyonse kuti nsalu anaigula kuti, ndipo munthu wodwala uja ankayankha maso akuwala. Koma anali masabata ochepa chabe. Khirisimasi ya chaka chimenecho isanafike tinakamuika.

Anthu ena ankandiuza kuti thokozani Mulungu, anayanjana asanamwalire. Ndinathokoza, inde, koma musandiuze kuti nkhaniyi inatha bwino. Mwana anapatsidwa masabata, atalandidwa zaka. Zaka zonse zija akanamathamangira bambo ake panjira, iye ankawoloka msewu, ndipo amene anamuwolotsa ndi akuluakulu amene anaona kuti bodza lokoma ndi losavuta kuposa kutchula dzina la munthu wosauka. Chimenechi n'chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero, ndipo sindikufuna kuti chizizire.

Ndiye ana anga, ndatsitsa mawu tsopano, sindikukudani ayi. Seweretsani ana anu, imbani nawo, abisireni mphatso aifunefune nyumba yonse ngati mukufuna kuseka. Koma akaipeza, muuzeni mwana kuti iyi wagula ndi uje, apite akamuone m'maso munthuyo akadali moyo. Kaya ndi bambo amene munasiyana naye, kaya ndi azakhali osauka a kumudzi amene atumiza mtedza wokha, tchulani dzina, silikuluma.

Jenifa lero ndi mayi wa ana atatu, amakhala ku Machinjiri. Chaka chilichonse mvula ikamayamba amabwera kudzanditenga kuti tikalambule pamanda a bambo ake, ndipo tikamaliza amandipempha kuti nditsogole. Ine ndimatsogola, koma makutu anga akadali akuthwa, ndimamva zimene amanena kumbuyoko. Mzimayi wamkulu ameneyu amagwada pa dothi paja n'kumapepesa, "Ababa, mundikhululukire, sindinkadziwa," kupepesa mlandu umene anapalamula ndi anthu ena iye ali mwana.