Kapu Yachitini ya a Aleixo Colaço

Malemu a Aleixo Piedade Colaço anabadwa pa 9 Malichi 1942 m'mudzi muno mwa Velim. Ine ndine Lourenço, mphunzitsi, mwana wa alongo awo, ndipo banja landituma kuti ndiwerenge mbiri yawo. Asisitere amene anandiphunzitsa ankati bodza siliyera chifukwa chakuti lanenedwa pamaliro. Choncho sindibisa chimene ambiri mukuchidziwa kale: amalume anatenga chinthu m'bokosi la munthu wakufa. Munthu woleredwa bwino sachita zimenezo. Koma imvani kaye mbiri yonse.

Atate awo, a Remedios Colaço, ankaperekera zakudya m'sitima yonyamula anthu yotchedwa Orminda. Mu Juni 1943, nkhondo ili mkati, sitimayo inaphulitsidwa ndi kumira. Mwana wawoyo anabadwa iwo ali panyanja, moti awiriwa sanaonanepo. Kunalibe mtembo, kunalibe manda, ngakhale chithunzi sichinatsale. Amayi a malemuwa anavala zakuda kufikira imfa yawo, ndipo analumbiritsa mwanayo kuti sadzakwera sitima.

Mu 1949 malemu anayamba sukulu ya parishi ino, nakatsiriza maphunziro awo ku Margao. Mu 1963 analembedwa ntchito yaukalaliki padoko la Mormugao, kumene ankalemba mayina a sitima zimene sanaloledwe kukwera. Pa 12 Meyi 1968 anakwatira a Ermelinda Dias m'tchalitchi muno, ndipo Mulungu anawapatsa mwana mmodzi, Savio.

Ali padokopo anayamba kutolera zinthu za m'sitima zimene zinamira pankhondo: masipuni okhala ndi chizindikiro cha sitima, mabatani a yunifolomu, mapepala olembapo zakudya za tsikulo, mapositikhadi. Ankazipeza kwa amalinyero okalamba ndi m'misika ya zinthu zakale ku Bombay. Chipinda chakumaso chinadzaza, mpaka akazi awo ankati, "Aleixo, nyumba ino yachuluka sitima zomira. Tsiku lina nafenso timira momwemuno." Koma pa zonsezo panalibe chimodzi chochokera mu Orminda.

Chimodzicho chinali kwa a Santan Rebello, amene anali munthu yekhayo wa m'mudzi muno wopulumuka pangoziyo. Inali kapu yachitini imene ankagawirana nayo madzi m'bwato lopulumukira. A Santan ankanena kuti a Remedios anamwera m'kapuyo asanamwalire m'bwatomo ndi kutsitsidwira m'nyanja. Amalume anaipempha kwa zaka zambiri, koma yankho silinasinthe: "Mwana wa Remedios, iyi ndipita nayo kumanda. Ukafuna kumwera, bwera udzamwere pano." Ndipo ankapitadi, Lamulungu lililonse, kukamwera tiyi m'chitini chopindikacho.

Mu Ogasiti 1988 a Santan anamwalira, ndipo kapuyo inaikidwa m'bokosi pambali pa korona wawo. M'mawa, amayi akuimba ndipo anthu akuona nkhope, amalume anawerama ngati akupsompsona dzanja la malemuyo. Bokosi litatsegulidwa komaliza kumanda, kapu munalibe. Mlandu unagwera a Querobina, mkazi wa mwana wa a Santan, popeza ndiwo anasambitsa ndi kuveka mtembo, komanso anali ochokera kubanja losauka. Anatchedwa wakuba pamaso pa ana awo, nabwerera kwa makolo awo kwa zaka zingapo. Amalume anaona zonsezi ndipo anakhala chete. Kutenga kunali tchimo, koma kukhala cheteko kunali tchimo loposa.

Kuyambira pamenepo anasintha. Palibe amene anawathamangitsa, popeza palibe amene ankadziwa, koma anasiya okha kupita ku maukwati ndi ku chikondwerero cha parishi. M'tchalitchi anasamukira pabenchi yakumbuyo. Chipinda chimene kale ankaonetsa alendo monyadira anachikiya. Akazi awo anamwalira mu 1994, Savio anapita kukagwira ntchito ku London, ndipo iwo atapuma pantchito mu 2000 anatsala okha. Ndinkawapeza akudya mpunga ndi nsomba ataimirira kukhitchini, ati kuyala tebulo chifukwa cha munthu mmodzi n'kudzinamiza. Achinyamata, tcherani khutu: tchimo lobisika limamangira mwini wake mpanda, ndipo amakhalamo yekha.

Mu Januwale chaka chino cha 2019 anayamba kudwala mtima. Lamulungu la pa 3 Febuluwale, misa itatha, anayenda ndi ndodo kuchokera kumbuyo kuja kufika pano ndaima, nakweza kapuyo m'mwamba. Anati, "Ine Aleixo ndine ndinaba kapu iyi m'bokosi la a Santan. A Querobina alibe mlandu. Ndinkamva akuwatcha wakuba, ine osanena kanthu." A Querobina anaimirira nati, "Zaka makumi atatu, a Aleixo! Chifukwa cha chitini choti nkhuku zanga sizingamweremo?" Analandira kapuyo n'kutuluka, osatembenuka. Amalume anamwalira pa 21 Febuluwale kuchipatala ku Margao, asanamve mawu akuti ndakukhululukirani.

Asiya mwana mmodzi, Savio, amene wafika dzulo, adzukulu awiri amene anangowaona pazithunzi, ndi alongo awo a Luizinha, amayi anga. Banja likuthokoza abambo mfumu a parishi, akwaya, anamwino amene anawasamalira, ndiponso a Joaquim ogulitsa buledi, amene anaona kuti buledi wa dzulo lake adakali pakhomo ndipo anathyola chitseko, n'kuwapeza atagwa ndi kuwathamangitsira kuchipatala.

Tikuthokozanso a Querobina. M'mawa uno afika kunyumba ndi kuika kapu ija m'manja mwa amalume. Ine ndinawauza kuti si choyenera kuti munthu apite ndi chimene anaba. Anandiyankha kuti, "Aphunzitsi, khalani chete. Akapereke okha kwa a Santan, ine ndatopa nayo."

Bokosi likatsegulidwa kumanda muiona. Pasapezeke woikhudza. Amalume, pitani mukabweze kapu ya eni ake, mukaonanenso ndi atate anu. Mzimu wanu uuse mumtendere.