Msodzi wa m'Sewero la Ndaona

Pa siteji ya minibasi za ku Monkey Bay, pa boma la Mangochi, a Fletcher, msodzi, anakhala benchi limodzi ndi mayi wina wogulitsa usipa. Sankadziwana.

"Bambo, munaonera sewero la ana a sekondale Loweruka?" anafunsa mayiyo. "Tinafa ndi phwete!"

"Ndinangomva."

"Kamtsikana kena kanasanduka msodzi woba neti ya udzudzu pabedi la mkazi wake, n'kukakokera nayo nsomba. Kakuyenda mwamatewe, kakukanda pamimba, kali, 'Udzudzu ndi abale anga!'"

"Ndi Ndaona ameneyo, mwana wanga."

"Ee! Munabereka, bambo!"

"Ali Fomu 1, alendo akabwera ankabisala kuseri kwa chitseko. Atayamba mpira wamanja, mawu anatuluka. Atayamba kukasesa kuchipatala ndi anzake, n'kumaona ana odwala malungo, maso anatseguka. Kungolowa zisudzo, basi, pakhomo mtendere unatha."

"Nanga kayendedwe kaja anakatenga kuti? Msodzi wopusa chonchija alipodi?"

"Kaya. Ana amangopeka."

"Ine ndikumvera chisoni mkazi wake."

"Musadandaule, neti inabwerera pabedi." A Fletcher anakhosomola. "Ndikungomva choncho."

Kondakitala atakuwa kuti minibasi ikunyamuka, a Fletcher anadzambatuka n'kulunjika kuchitseko, miyendo ili matewe, dzanja likukanda pamimba. Mayi aja anatseka kukamwa ndi chitenje.

"Muyende bwino, bambo! Mukapereke moni kwa abale anu aja!"