Nyimbo Yotsala pa Kaseti

Pa steji ya minibasi ku Nangongwe, bambo wina anali kubweza tepi ya kaseti ndi bolopeni, wailesi ili pamiyendo. Mayi wogulitsa nsomba zouma, amene anakhala pafupi naye, ndiye anayamba.

"Batate, wailesi iyo muyenda nayo ku phwando?"

"Ku maliro, bamai. Ba Fines, munzanga wa ku fakitale."

"Ku maliro na kaseti? Kulibe kwaya?"

"Kwaya iliko. Kaseti iyi tinapanga ise a shifiti imodzi, anthu khumi, fakitale ikalibe kutsekedwa. Tinali kuseka chabe pa nthawi ya nshima, ati aliyense asankhe nyimbo ya pa maliro yake. Wina anasankha kalindula, wina rumba. Ba Fines anajambula belu yoyambira nchito, ati azauka akaimva."

"Abusa amavomera zimenezo?"

"Pa maliro yoyamba anatipitikitsa. Tinalizira kumanda, anthu atapita. Masiku ano akazi amasiye ndiwo amaniitana."

"Mwaliza zingati?"

"Kuchokera pamene anatichotsa nchito, mbali yoyamba ya kaseti inatha chaka chatha. Ya lelo ni ya naini."

"Ndiye kuti yatsala imodzi."

"Yanga. Ninasankha ya pa ukwati, yovina maningi, kuti anzanga akavutike kulira. Manje tepi ikafika pamenepo nimazima."

"Nanga azakulizirani ndani?"

"Bamai, mumapezeka pa steji pano masiku onse?"

"Masiku onse, kupatula Sande."

"Onani kuno. Sivuta. Mungodina apa."