Amene Anabwera Kudzandimana Manda

Moni nonse abale mwa Ambuye, kuphatikizapo inu amene munkanditcha mlesi. Musathawe, umboniwu ndi wanunso. Ine ndine mlimi wa kuno ku Msakambewa, ndipo chaka chatha m'nyengo yozizira ndinadwala matenda opanda bala, matenda a maganizo. Zonse ndinene panozi ndi zoona, sindinathiremo ngakhale kamchere.

Chisanu cha Juni uja mukuchikumbukira. Kwathu kuno chifunga chinakhuthala moti mbuzi yanga inachitsamira n'kugona tulo. Moni amene mkazi wanga anandipatsa m'mawa wina anauma m'malere, ndinadzamumva masana atasungunuka. Mulungu ndi mboni. Koma chisanu chakunjacho chinali chamasewera, chenicheni chinalowa m'chifuwa mwanga. Chimanga chinali m'nkhokwe, ana ali bwinobwino, koma ine ndinkadzuka ndili wolemera ngati ng'ombe yakufa. Chakudya chinkamveka utuchi m'kamwa. Kwaya ndinasiya, wailesi ndinazimitsa, bulangete ndinalifunda mpaka linandidziwa dzina.

Lamulo lakwathu mukulidziwa. Maliro akagwa, mwamuna aliyense amanyamula khasu m'mamawa kukathandiza adzukulu kukumba manda. Wojomba, zikadzamugwera amakumba yekha. Mwezi umenewo maliro anagwa motsatizana, ine osapita ngakhale amodzi. Kulira ndinkakumva, kudzuka ndinkafuna, koma thupi linkakana.

Ndiye anthu munatsegula pakamwa. Ena munati ndalama za fodya zandikuza mtima. Ena munati ndakhwima, ndikuopa kuyang'ana anthu amene ndawadya. Mkulu wina wa mpingo anabwera, anandiyendera thupi lonse ndi maso, n'kunena kuti Mkhristu weniweni sakhumudwa. Anamwa tiyi wathu mpaka ketulo inapempha chifundo, n'kumapita. Mkazi wanga anasiya kupita kumjigo nthawi ya anthu ambiri chifukwa cha mawu anu. Ine ndinayamba kuganiza kuti dzenje lotsatira likhale langa kuti nonse mupume. Pemphero linanditsalira limodzi lokha: Ambuye, tumizani munthu.

Munthu amene Ambuye anatumiza sindikanamusankha ine. Anali a Jailosi, mkulu wa adzukulu, bambo amene anamwetulira komaliza ali wakhanda. Tinakanganapo za malire a munda, ndipo moni pakati pathu anali atatha. Anabwera ndi chigamulo cha adzukulu, chakuti maliro akadzagwa pakhomo panga, khasu la munthu silidzapondapo. Mayi anga okalamba anali pakhonde, akumva zonse.

A Jailosi analowa osaodira. "Abwana, dzukani mumve. Amayi anuwa mudzawakumbira nokha ndi supuni."

Ndinawayankha zimene zinali mumtima. "Chabwino. Koma mundikumbireko langa lokha, sabata inoyi."

A Jailosi anayang'ana mbale ya dzulo yosakhudzidwa, ndevu zanga, zenera limene ndinatchinga ndi thumba la feteleza. Atayankhulanso, mawu anali atatsika. "Mng'ono wanga anayamba chonchi, m'chisanu ngati chino. Tinamuti mlesi. Dzenje lake ndinakumba ndine. Valani nsapato."

Sanandipempherere, sanandinyengerere. Anandikweza pa njinga yamoto ngati thumba la mtedza, ndipo njira yonse ya ku Boma ankandikalipira za malire a munda aja. Kuchipatala namwino anandifunsa mafunso amene mudzi wonse sunandifunsepo: mumagona bwanji, munasiya liti kusangalala, mwaganizapo zodzipha? Ndinalira mpaka anaitanitsa chokolopera. Musaseke, ndi zoona. Anandiuza kuti amenewa ndi matenda ngati ena onse, ndipo amachizika. Ndinalandira mankhwala, ndi masiku okacheza ndi aphungu.

Sindinachire tsiku lomwelo, ndisakunamizeni. Panapita masabata. M'mawa uliwonse a Jailosi ankabwera kudzandikokera panja n'kundiyanika padzuwa ngati mphale, iwo ali potero kundinena kuti mizere yanga ndi yokhota. Kwa adzukulu anakanena kuti wodwala saweruzidwa, ndipo wotsutsa azikumba manda popanda iwo. Palibe anatsutsa, chifukwa a Jailosi akakumba, miyala imapatuka yokha ndi mantha.

Mu Ogasiti maliro anagwanso. Ndinadzuka ndekha, n'kunyamula khasu. Kumanda anthu anandipatukira ngati aona mzukwa, ena a inu munayang'ana pansi. A Jailosi anandilozera m'dzenje. "Lowani mukumbe. Mukatha mutulukemo, si lanu ili."

Ndinakumba, ndipo ndinatulukamo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero langa kudzera mwa munthu wopanda ulemu chotere. Inu amene chisanu chakulowani mkati, musafere m'bulangete. Uzani munthu, pitani kuchipatala, muzipemphera muli m'njira, chifukwa pemphero ndi mankhwala sizimenyana. Pirirani, kumachoka kulemerako. Ndipo inu apakamwa, mukaona mnzanu wasowa pamaliro, pitani mukamuone maliro otsatirawo asanakhale ake. Ameni.