Magazi a pansi pa galimoto

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, ndakupatsani moni m'dzina la Ambuye. Ndikufuna kuchitira umboni, ndipo ena mwa inu muzyolika, koma mupirire.

Nonse mukudziwa kuti malemu amuna anga anandisiyira kagalimoto ka otomatiki, kamene ndimanyamulira anthu ndi mtedza kuchoka ku Kabudula kudza kuno ku Nsaru. Chaka chino kanayamba kuvuta. Ndikalowetsa giya kamayamba kaganizaganiza kaye, kenako n'kudzidzimuka. Pachitunda injini imangolira, koma liwiro palibe. Ndiye m'mawa uliwonse pansi pake pamapezeka madontho ofiira.

Anayamba kuwaona ndi alamu anga, achimwene a malemu. Munthu wamkulu, wa imvi zake, sanandifunse n'komwe. Anathamangira ku msika kukalengeza kuti galimoto ya mlamu wawo ikukha magazi. Akuti n'chifukwa chake mwamuna anafa, akuti chuma changa n'chokhwimira. Ndipo anthu anakhulupirira, abale. Anthu obatizidwa, oimba kwaya, anakhulupirira. Ndikaima pa siteji, amayi amakoka ana awo. Mwana wa aneba atagonekedwa kuchipatala n'kuuzidwa kuti magazi achepa, basi, mlandu unagwera ine. Anyamata anabwera masanasana kudzandiuza kuti, "Mayi, pofika Loweruka galimotoyi tiyatsa, inunso muone kolowera."

Ndinalira, sindinama. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinagwada n'kunena kuti, Ambuye, ndionetseni chimene chikudonthachi. Nditadzuka ndinapita kukachigwira ndi chala, chinthu chimene onse olongolola aja amaopa kuchita. Choterera, chonunkha oyilo. Kodi magazi amaterera choncho? Magazi amauma, amada, amaitana ntchentche. Apa panalibe ntchentche ndi imodzi yomwe. Ntchentche inali ndi nzeru kuposa alamu anga.

Apo m'pamene ndinakumbukira kuti malemu ankati otomatiki ili ndi oyilo wakewake wa m'giyabokosi, wofiira, wosiyana ndi wa injini. Ndinaliza galimoto kuti itenthe, n'kusolola kachitsulo koyezera oyiloyo. Kanangonyowa kunsonga kokha. Ndiye giya igwira bwanji ilibe oyilo?

Ndinakwinya chitenje, n'kuyala mkeka, n'kukwawira pansi pa galimoto, ine mayi wa zidzukulu. Ndinatsata kunyowako mpaka pa kapaipi ka labala kopita ku rediyeta, chija choziziritsa injini. Kanali katang'ambika kumapeto, pomwe pamamangidwa. Mfiti yonse imene inasokoneza mudzi inali imeneyo, kampata kosalowa ndi chikhadabo chomwe. Ndinadula pong'ambikapo ndi mpeni wa kukhitchini, n'kulowetsanso paipi, n'kumanga zolimba. Oyilo ndinakagula ku Msundwe, chifukwa kuno wogulitsa amaopa ndalama yanga.

Loweruka anyamata aja anabweradi, ndi kachigubu ka petulo, alamu ali pambuyo ngati sakudziwa kanthu. Ndinatsegula botolo la oyilo maso awo akuona, n'kuthira pang'ono m'mbale. Ndinati, "Alamu, awa ndi magazi a ndani? Amagulitsa m'sitolo, mtengo wake uli pachivindikiropa." Anangoti, "Ife timangomva za anthu." Kumva za anthu, pomwe anayambitsa ndi iwowo. Wotsalayo ndinathira m'giyabokosi, n'kulowetsa giya, galimoto n'kunyamuka bwinobwino. Anyamata aja anabalalika m'modzim'modzi, chigubu atabisa kumbuyo.

Mpaka lero palibe amene wabwera kudzapepesa, ndipo sindikudikira. Mwana uja anachira, anali malungo. Ine ndikadali m'nyumba mwanga.

Galimotoyo ili panjapo, pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndayala thumba loyera kunsi kwa galimotoyo kuti dontho lililonse lioneke. Tikaweruka mudutse pamenepo, muwerame, muyang'anitsitse, poti kuyang'ana za eni ndiye mumatha. Ndikuthokoza Mulungu amene sanalole kuti ndipsere kapaipi. Imani mukondwere nane, nonse, ngakhale inu amene mukuyang'ana pansi. Mawu muli nawo, ndinawamva ku msika.