Mabokosi amene ndinapala ndi galasi

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu, ndi inu omwe a kumbuyoko amene mumasinza ulaliki ukatalika. Ndikufuna ndikuuzeni za sabata imene ndinatsala pang'ono kutaya ntchito, nyumba ndi ufulu womwe, chifukwa chokonza zilembo zimene palibe anandituma kukonza.

Anali masiku a Chitaganya, ine ndili wodinda mabokosi pa fakitale ya tiyi ya esiteti ina kuno ku Thyolo. Sukulu ndinalekeza Sitandade 3, koma kayendedwe kanga mukanati ndi a hedimasitala. Bwana wa fakitale, mzungu, ankalemba papepala zilembo zachidule zosonyeza mtundu wa tiyi. Ine ndinkazidula pa lata, kuika latalo pabokosi, n'kupaka inki. Lamulo linali limodzi: dinda chimene waona.

Lolemba lina, nditadinda mulu wonse, ndinasuzumira m'buku lalikulu la kampani mmene munali zilembo zovomerezeka. Bwana anali atasokoneza, tiyi wapamwamba anamupatsa zilembo za tiyi wafumbi. Zoterezi zinali ndi njira yake. Umanong'oneza kapitawo, kapitawo auza kalaliki, kalaliki akatsokomola pakhomo pa bwana mpaka bwanayo aone yekha cholakwa chake ngati wachitulukira mwini. Koma ine, mwana wa nzeru, ndinati zanji zonsezo? Anzanga atapita kukadya masana, ndinatenga chidutswa cha botolo, kupala zilembo zija, n'kudinda zolondola.

M'mawa mwake kapitawo, a Likhutha, anaona mabokosi ali ndi zipsera zoyera. Anangogwedeza mutu n'kulunjika ku ofesi.

Pa esiteti bokosi lopalidwa linkatanthauza chinthu chimodzi: wina waba tiyi wabwino, wathiramo fumbi, wasintha chidindo kuti abise. Bwana anandiitana pamaso pa anthu onse, pepala lake lili m'manja. Kuti ndinene kuti mwalakwitsa ndinu, lilime linakana. Mawu amenewo munthu wakuda sankawatulutsa pagulu n'kugonanso pa esitetipo. Kuti nditi tsegulani muone, nakonso kunali kotseka, chifukwa bokosi likakhomedwa silinkatsegulidwa mpaka kutsidya kwa nyanja, kuopa chinyezi. Anandiuza kuti apolisi abwera Lachisanu, ndipo m'nyumba ya kampani ku malayini a antchito ndituluke tsiku lomwelo.

Abale, mkazi wanga anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Makolo athu anachoka kwa Apwitikizi ndi mtolo pamutu, ife munda tinalibe, ngakhale pokhoma chikhomo cha mbuzi. Anansi anasiya kudzapala moto kwathu. Bambo wina amene ankadikira kupatsidwa nyumba anadutsa kawiri pakhomo, akuyeza chitseko changa ndi maso. Mkazi wanga anamanga mbale ndi zovala mu nsalu, osalira, osandinyoza, ndipo kukhala chete kumeneko kunandiwawa kuposa chikoti. Lachinayi m'mawa, chifunga chili bii, ndinalowa pakati pa mizere ya tiyi n'kugwada. Pemphero langa silinali lokongola. Ndinangoti, Ambuye, matama ndi anga, koma mwana ali m'mimbayo sanapale bokosi.

Lachisanu apolisi awiri anafika pa njinga. Unyolo ndinauona ndi maso angawa, ukulendewera pa lamba.

Pamenepo m'chipinda chosankhira tiyi munatuluka mayi Nampinga, mayi wachikulire amene ndinkamuseka tsiku ndi tsiku kuti amasaina ndi chala. Anadutsa kapitawo, anadutsa apolisi, nagwada pafupi ndi mulu wa mabokosi. Anatulutsa msomali pa mpango wake, naboola pangodya ya bokosi limodzi, tonse tikuona. A Likhutha anakuwa kuti, “Mayi inu, mwapenga?”

“Ndapenga kalekale, achimwene,” anatero. Anagwedeza bokosi, tiyi nagwera m'dzanja lake, nalitambasulira kwa bwana. “Ine zilembo sindizidziwa, bwana. Amazidziwa ndi mbuli iyi yaima apayi, wodinda wanuyu. Koma tiyi uyu ndinasankha ndine ndi zala izi. Ngati ili ndi fumbi, amange ine.”

Bwana anayang'ana dzanjalo nthawi yaitali. Anatsina tiyiyo, namununkhiza, nalowa mu ofesi n'kutseka chitseko. Pawindo tinkamuona akutembenuza masamba a buku lalikulu lija, khosi likufiira. Atatuluka anauza apolisi kuti abwerere, mlandu palibe. Kwa ine sanapepese. Anangondiponyera pensulo, nati kuyambira tsikulo pepala lililonse lizidutsa kwa ine, ndikaona cholakwa ndiike kadontho pansi pake, pakamwa nditseke.

Nditabwerera ku malayini ndinapeza mkazi wanga atakhalira mtolo pakhomo. Ndinamuuza kuti amasule.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandipulumutsa ndi dzanja la munthu amene ndinkamunyoza. Inu amene mwamanga kale mitolo, gwadani kaye, musafulumire kunyamula. Patapita masabata atatu Esinati wathu anabadwira m'nyumba yomweyo, ndipo amene anamulandira ndi kumusambitsa anali mayi Nampinga. Ambuye alemekezeke.