Mwendo Wanga wa Khonje

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Lero ndikufuna ndikuuzeni mmene ndinatayira mwendo, ndi mmene banja langa linatsalira pang'ono kutaya pogona.

Ndimagwira ntchito mu fakitale ya tiyi kuno ku Mulanje. Tsiku lina lamba wonyamula masamba anakoka thalauza langa, ndipo pamene anzanga ankazimitsa makina n'kuti mwendo wakumanzere utaphwanyika kale. Kuchipatala anaudula m'munsi mwa bondo. Bala linapola, koma nkhawa inakula. Timakhala m'nyumba ya kampani, ndipo nyumbayo ndi ya munthu wogwira ntchito. Abwana anati andidikira mpaka mvula iyambe, nthawi imene tiyi amachuluka, ndipo ndikalephera kubwerera alowetsamo wina. Kwathu ku Limbuli malo anatha kalekale. Ndinkapemphera ndithu, koma mtima uli wowawa, nthawi zina wokwiya kumene.

Ngozi yangayo inabweretsa akatswiri odzaika timaso tamagetsi timene timaimitsa makina munthu akayandikira. Mmodzi wa iwo, mayi wina injiniya, anafunsa za wovulala uja mpaka anafika pakhomo panga. Anati akuchita kafukufuku wa miyendo yopangidwa ndi ulusi wa khonje wothiridwa guluu wolimba, ndipo akufuna woiyesa. Ine ndine munthu wa mafunso, moti mkazi wanga amati ndinaphonya upolisi. Khonje lomwe timamangira mbuzili? Siliwola ndi mvula ya kuno? Nanga chiswe? Mayiwo sanatope nane. Anandionetsa mmene amayalira ulusiwo, wina choongoka wina chopingasa, ngati poluka lichero.

Mwendo unabwera wonyezimira, ndipo tinachita zimene aliyense amachita ndi mphatso ya mlendo wolemekezeka. Abusa anaupempherera, mkazi wanga anaukulunga m'chitenje chatsopano n'kuuika m'sutikesi. Ndinkauvala Lamulungu lokha, ndipo ndikaona matope ndinkauvula n'kudalira ndodo.

Mayi aja atabweranso anautembenuzatembenuza, nkhope n'kugwa.

"Bambo, kodi simunaukonde?"

"Ndinaukonda kwambiri, mayi, n'chifukwa chake tikuusamala."

Anaseka mpaka misozi. "Ine ndikufuna muuthyole. Ukapanda kuthyoka, ndidziwa bwanji pofooka pake?"

Mutu wanga unaima. Munthu kukupatsa chinthu n'kukupempha kuti uchiwononge! Komabe chidwi chinandigwira, ndinafuna ndione kuti khonjeli lifika pati. Ndinayamba kukwera nawo zitunda za tiyi, kuwoloka mitsinje, ngakhale kusenza nkhuni. Mwendo weniweni unatupa, matuza anabuka pachitsa. Kenako tsiku la msika pa Chonde ndinangomva kuti thyo, ine pansi khu, tomato wa eni ake mbwee. Manyazi amene ndinachita sindingawafotokoze.

Koma mayiwo atauona anasangalala ngati alandira mphoto. Anajambula mng'aluwo, nandilozera pamene ulusi unachepa pafupi ndi kakolo. Anandipangira wachiwiri, koma nawonso unasweka, ulendo uno pamwamba. Apa n'kuti mitambo yayamba kuunjikana paphiri, ine mantha atandigwira kuti nthawi yanga yatha. Ndinauza Mulungu kuti ndatopa kugwa pamaso pa anthu. Wachitatu ndinauzunza koposa, koma unakana kuthyoka.

Mvula yoyamba itagwa ndinayenda m'matope mpaka ku fakitale. Abwana anandiuza kuti ndisenze thumba la masamba ndikwere nalo masitepe. Ndinakwera, ndinatsika, iwo n'kuitanitsa ovolosi yanga kuti ndiyambirenso ntchito. Nditabwerera kunyumba ndinapeza mkazi wanga akumasula mitolo ya ziwiya ndi zovala za ana, imene anali atamanga kale osandiuza. Anali akulira, nanenso ndinalira.

Ndikuthokoza Mulungu amene ananditumizira mthandizi wotere. Inu amene muli pamavuto, limbikani ndipo musaleke kupemphera. Mukagwa dzukani, Ambuye sanathane nanu.